Ndime Yomwe Ankailumpha

Oimba anzawo ankawatcha a Zala. Dzinali linawakanirira ali anyamata, pomwe ankatha kuimba piyano konsati yonse popanda buku patsogolo. Ukalamba utayamba kuwabera zinthu m'mutu anabwerera ku buku, ndipo akazi awo ndiwo ankakhala pa kampando kumanzere kwawo n'kumawatembenuzira masamba. Mayiwo atamwalira, a Zala anayesa kuimbanso zapamtima. Anaima pakati pa nyimbo, manja ali m'malere, holo yonse ikuwayang'ana.

Manejala wa holoyo anawalankhula mwaulemu koma mosapsatira. Konsati ya Loweruka inali yawobe, koma akakaimanso pakati, dzina lawo silidzaonekanso pa pulogalamu.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anadzipereka kukhala pa kampando paja. Kuwerenga manotsi a nyimbo anaphunzira kwa mayi ake ali wamng'ono, ngakhale kuti piyano anaisiya kalekale. Kuchipatala anamulola kudzayeserera kamodzi kokha, ndipo tsikulo a Zala anathera nthawi yonse pa chigawo chothamanga cha kumapeto, chomwe ankachiopa. Anamulangiza kuti aziimirira msanga, azigwira ngodya yam'mwamba ya tsamba ndi dzanja lamanzere, asamawatchinge ndi chigongono, ndiponso asavale zibangili. Iye anaseka n'kunena kuti ngakhale madokotala a opaleshoni savuta chonchi. Za chigawo chapakati, chodekha chija, sanakambirane.

M'chigawo chimenecho muli ndime yomwe imathera pa timadontho tiwiri pambali pa mzere wakuda, kutanthauza kuti woimba abwerere akaiimbenso. A Zala sankabwerera. Ankati anthu akamva chinthu kawiri amayamba kutsokomola ndi kufufuza maswiti m'zikwama. Akazi awo ankaikonda ndimeyo kuposa ina iliyonse. Poyeserera kunyumba, akafika pamenepo, ankachedwetsa dala dzanja pa tsamba.

"Kamodzi kokha, bambo a mwana, monga analembera mwini wake."

A Zala ankayankha kuti tsiku lina, ndipo tsamba linkapita kutsogolo. M'bukumo munalibe chizindikiro cha pensulo choti alumphe. Pakati pa awiriwo sichinkafunika.

Loweruka masana, m'kachipinda ka kuseri kwa siteji, a Zala anaviika manja m'beseni la madzi ofunda. Wochuna piyano, mnzawo wakale, anasuzumira pakhomo n'kuwauza kuti iye mbali yake wamaliza, piyanoyo ikalira molakwika asanamizire waya.

Chigawo choyamba chinadutsa bwino. Mwanayo ankaimirira pa nthawi yake, chigongono chili kutali, ndipo mtima wa a Zala unayamba kukhala pansi. Analowa m'chigawo chodekha. Atafika pa timadontho tija, dzanja la mwana wawo linadutsa pamaso pawo, n'kubweza tsamba m'mbuyo.

Zala zawo zinali zitanyamuka kale kupita kutsogolo, koma kutsogoloko kunali kutatsekeka. Anafufuza m'mutu zomwe zimatsatira, osapezamo kanthu. Kunong'ona sikukanatheka, ndipo kuima ndiye kunali kutha kwa zonse. Anaponda chopondera cha piyano kuti mawu omaliza atalikireko pang'ono, n'kuimba zomwe maso awo ankaona.

Ulendo wachiwiriwu anaimba motsitsa, poti ndime yobwereza siimbidwa mofanana. Atatsitsa choncho anamva kanyimbo ka dzanja lamanzere, kamene kamayenda pansi pa inzake, kakukwera pang'onopang'ono n'kubwerera pomwe kanachokera. Zaka zonsezo ankangokadutsa mofulumira, maso ali pa tsamba lotsatira. Kumbuyo kwa holo munthu mmodzi anatsokomola, basi. Ena onse anali chete.

Anamaliza konsati osaima. Manejala anabwera kuseri, anawagwira chanza n'kunena kuti akambirane za chaka chamawa. Wochuna piyano ndiye anaulula: anati chiyambire kuwamvera anali asanawamvepo akubwereza ndime ija, kapena ukalamba wawaphunzitsa kumvera malamulo?

Mwanayo anayang'ana bambo ake, kenako buku.

"Ababa, ndiye kuti ndinalakwitsa?"

"Ayi, mwanawe. Ndi mmene zinalembedwera."

Mwanayo anatulutsa pensulo m'chikwama, nati aikepo chizindikiro kuti ulendo wina asadzawaikenso m'mavuto. A Zala anatseka bukulo mosamala n'kuliika m'khwapa. Anapukuta manja ndi thaulo kwa kanthawi, ngakhale kuti sanali onyowa.

"Kandime kaja n'kakafupi," anatero. "Ine ndinkayesa n'kotalika."

Mwanayo sanamvetse, ndipo iwo sanafotokoze. Holo itatsala yokha a Zala anabwerera pa siteji kukatenga magalasi omwe anaiwala pa piyano. Kampando ka kumanzere kanali kakadali pomwepo. Anakapinda okha n'kukatsamiritsa kukhoma.