Ubweya wa Mudzatopa

"Agaluwa achoke, mlamu. Loweruka ndibwera ndi chingwe."

A Kingstone anayankhula motsitsa mawu, monga ankayankhulira aliyense m'nyumba imeneyo masiku amenewo. Anakhala m'mphepete mwa sofa, akuthothola ubweya pa buluku lawo lakuda la ku ofesi. Akachotsa apa, wina unkamatirira apo. Bertha anaima pakhomo la kuchipinda, khutu limodzi lili kwa alamu akewo, lina kwa mwana wake Lucy, amene ankapuma mokoka ngati mpweyawo ukudzera m'kabango.

"Adokotala sanati agalu achoke," anatero Bertha. "Anati ubweya uchoke."

"Nanga ubweyawo ukumera pa ine?"

Bertha sanaseke. A Kingstone anali achimwene a mwamuna wake Vitalis, ndipo dzulo lake lomwelo ndiwo anabereka Lucy kumsana kuthamanga naye kuchipatala mphumu itamubanikitsa. Munthu wotere sungamuyankhe mwachipongwe, ngakhale akukupweteka.

Vitalis anatengedwa mvula ikusiya. Anabwera anthu atatu pa galimoto yopanda zolemba, nanena kuti akufuna akacheze naye pang'ono. Kuchezako kunali kusanathe mpaka Okutobala uno. Potuluka, atagwiridwa mkono, anatembenuka n'kunena mawu awiri okha: "Undisungire agaluwa." Mwamuna wina akanatchula mkazi kapena mwana, koma pamaso pa alendo ngati amenewo sutchula chimene umachikonda kwambiri. Bertha anamva zimene mwamuna wake ankatanthauza. Munthu sasungitsa chinthu ngati sadzabweranso.

Agaluwo anali awiri, Dona ndi Mudzatopa, akuluakulu, a ubweya wautali, amene Vitalis anapatsidwa ali ana ndi mzungu wina wa ku kampani ya tiyi. Kale ankagona panja. Koma akuba atadziwa kuti pakhomopo palibe mwamuna, wina anaponya nyama ya poizoni pabwalo, ndipo Dona anatsala pang'ono kufa. Kuchokera pamenepo Bertha ankawagoneka pabalaza. Kutentha kutafika, ubweya unayamba kuyoyoka. Kapeti anaipinda kalekale n'kuikweza kudenga, koma sofa, makatani ndi mabulangete zinali mbuu. Tsache linkangouulutsa m'mwamba, n'kudzateranso iye atatembenuka.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlamu," anapitiriza a Kingstone. "Mwanayu tili naye pano. Enawo..." Anayang'ana khoma n'kusiyira pomwepo.

Nyumba za ku Kanjedza zinali zogundana ziwiriziwiri, ndipo khoma la pakati linali lopyapyala moti ukayetsemula oyandikana nawo ankamva. Amene ankakhala kuseri kwa khomalo anali anthu okonda kumvetsera, okondanso kukanena zimene amva. Choncho dzina la Vitalis silinkatchulidwa m'nyumbamo. Ngakhale dzina la galu wamwamunayo linasanduka mlandu. Vitalis anamutcha Mudzatopa pofuna kulasa munthu wina amene ankamubera nkhuku, koma tsopano ndani akanaima pabwalo la munthu wotengedwa n'kukuwa kuti "Mudzatopa"? Galuyo ankaitanidwa ndi likhweru basi.

"Ndipatseni mpaka Lowerukalo," anatero Bertha. "Mukapeza mwana akubanikabe, ndikumangirani ndekha."

"Muchita chiyani chimene tsache lalephera?"

"Ndigula huva."

A Kingstone anapukusa mutu. "Huva ndi ya ku Sunnyside, kwa azungu. Mwaonapo ndani kuno ali ndi makina okoka fumbi?"

"Nanga mwaonapo ndani kuno akugona ndi agalu pabalaza? Walira mvula walira matope. Matopewo ndithana nawo ndekha."

Mmawa mwake, Lachiwiri, Bertha anapempha tchuthi cha theka la tsiku ku fakitale kumene ankasoka mayunifomu. Mwezi umenewo chipereganyu cha amayi a kuntchito chinagwera iye, ndiye sanachite kupempha kwa munthu. Anatenga bulangete limene agalu ankagonapo, nalipinda, nalimanga m'chitenje, n'kuuyamba wapansi kulowera ku Limbe dzuwa likuswa mtengo.

Sitolo ya a Farouk inali ya zamagetsi: mawailesi, masimbi ositira, mafani. A Farouk anabadwira ku Limbe komweko, ndipo Chichewa ankachiyankhula ndi miyambi yomwe. Atamva zimene Bertha ankafuna, anatulutsa makina atatu n'kuwandandalika pansi. Yoyamba inali yaing'ono, yofiira, yonyezimira. Yachiwiri inali yoimirira, ya chogwirira chachitali, yokhala ndi burashi yozungulira kunsi. Yachitatu anachita kuikoka kuseri kwa makatoni: chinthu chotuwa, chonga ndowa ya matayala, chokhala ndi paipi yaitali.

"Tengani yofiirayi, mayi. Yachokera ku Joni. Madona onse a ku Namiwawa akugula imeneyi. Yopepuka, yaulemu, siisokosa."

"Ndiiyese kaye," anatero Bertha, akumasula chitenje chija.

Bulangete litangotambasuka, tiubweya tinauluka m'kuwala kwa pawindo. A Farouk anabwerera m'mbuyo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Pogona agalu anga."

"Iyayi, mayi, iyayi. M'sitolo muno mwalowa zambiri, koma za galu ayi. Ine ndimaswalira kuseri kwa kauntala komweku."

Bertha anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha. Anadziwa bwino kuti Asilamu sakhudzana ndi galu, koma nkhawa inamuiwalitsa. Analipindanso bulangetelo msangamsanga.

"Pepani kwambiri, bambo. Sindinaganize." Anaima pang'ono atalikumbatira. Ulemu unkamuuza kuti atuluke azipita, koma miyendo inakana. "Komatu sindingagule chinthu ndisanaone ntchito yake. Ngakhale chinangwa pamsika timayamba talawa ngati sichowawa. Mwana wanga ali ndi mphumu. Ndikalakwitsa kusankha lero, ndilibe pobwerezera."

Mayi Zohra, akazi a a Farouk, anali pa makina a ndalama nthawi yonseyi. Anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana Bertha.

"Ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Khonde si sitolo," anatero mayi Zohra, osayang'ana amuna awo. "A Sumaili, tatulutsani waya wautali uja."

"Nanga makina amene sagulawo?" anafunsa a Farouk. "Ndidzagulitsa bwanji atadya ubweya?"

"Aliyense wogula huva m'tauni muno ali ndi galu, Farouk. Ukuganiza kuti amakakokera maluwa?"

A Sumaili, bambo wachikulire amene ankathandiza m'sitolomo, anatulutsa makina onse atatu pakhonde, nalumikiza waya, n'kuima patali ndithu manja ali kumbuyo. Bertha anayala bulangete lake pa simenti, nagwada. Anthu a ku Limbe safuna kuitanidwa. Posakhalitsa panadzaza: ogulitsa nthochi za ku Thyolo, a mawilibala, amayi ochokera kumsika mitanga ili pamutu.

Yofiira ija inalira mwaulemudi, ngati mphaka. Inatola fumbi ndi timchenga, koma ubweya inangoupesa bwinobwino n'kuusiya pomwepo. Bertha anatsegula kumimba kwake napeza kathumba ka pepala.

"Kakadzaza?"

"Mumataya, n'kuika kena," anayankha a Farouk ali pakhomo.

"Muli nato timatumbato?"

A Farouk anakanda kumutu. "Tikubwera. Mukudziwa nkhondo ya ku Mozambiki, katundu akuzungulira njira yaitali."

"Chikomekome cha mkuyu!" anakuwa mayi wina wa mtanga, anthu n'kuseka.

Yoimirira ija inayamba mwamphamvu. Burashi yake inazula ubweya moti Bertha mtima unamudumpha, nati basi ndapeza. Koma asanafike pakati pa bulangete, kulira kwake kunasintha, ndipo panamveka fungo la labala wopsa. Ataigubuduza anapeza ubweya wautali wa Mudzatopa utakulunga burashi yonse ngati ulusi pa bobini. Ntchito ya ulusi wokodwa ankaidziwa, ndipo sanafune ina yotero kunyumba.

Inatsala ndowa ija. Wogulitsa nthochi wina anaiyang'ana nati, "Iyi ndiye njovu yamagetsi. Taonani chitamba!"

Bertha anaponda batani. Chinthucho chinabangula moti nkhunda zinauluka padenga la sitolo, ndipo mwana wina kumsana kwa amake anayamba kulira. Paipi inagwira bulangete n'kulinyamula lonse. Bertha analiponda ndi bondo, nakoka mzere umodzi kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Pamene paipi inadutsa panatsala njira yobiriwira. Iye mwini anali ataiwala kuti bulangetelo linali lobiriwira.

"Vuto lake ndi limeneli!" anakuwa a Farouk atatseka makutu. "Yakhala zaka muno, palibe woifuna! Ikalira, ngakhale munthu akutukwaneni ali pambali panu, simungamve!"

Bertha anazimitsa, natsegula chivindikiro. M'kati munali thumba la nsalu yokhuthala, lokhuthula n'kubwezeramo. Analitembenuza, nayang'ana msoko wake ndi diso la telala. Likadzang'ambika akanatha kusoka lina.

"Phokoso silibanikitsa mwana," anatero. "Ndatenga iyi."

Asanapite anapukuta makina awiri aja, nasesa khonde lonse, ndipo a Farouk anamuwonjezera kamutu kakang'ono ka paipi kolowera m'makona a sofa. Anaisenza pamutu njovu yakeyo, paipi ikulendewera kumsana, ana a m'njira akumutsatira mpaka ku Kanjedza.

Masiku otsatirawo inali nkhondo. Akaweruka kuntchito ankamutumiza Lucy kukasewera kwa anzake, n'kuyamba: sofa, makatani, matiresi, pansi pa kabati, ngakhale pamwamba pa zitseko. Thumba ankakakhuthulira kudzenje, kutali ndi mawindo. Agalu ankawapesa panja mmawa uliwonse, ndipo kuchipinda kwa mwana anawaletseratu. Oyandikana nawo anagogoda khoma tsiku loyamba. Bertha anangoti agogode, atopa okha. Msana unamuwawa, m'makutu munkalira, koma Lachinayi Lucy anagona usiku wonse osabanika, ndipo Lachisanu anabwera kuchokera kusukulu akuthamanga. Bertha anamuyang'ana akupuma, nafuna kulira ndi chimwemwe, koma anadzigwira poopa kukondwa msanga.

Loweruka mmawa a Kingstone anafika monga ananenera, chingwe cha khonje chili m'manja. Anapeza Lucy akusewera fulaye pabwalo ndi anzake. Anaima nthawi ndithu akumuyang'ana. Kenako analowa, nakhala pa sofa, nadzukanso, n'kuyang'ana kumbuyo kwa buluku lawo. Linali lakuda bii.

"Masiku awiri si umboni, mlamu," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Ndiye chifukwa chake sindisiya. Taimani muone."

Anakoka ndowa ija pakati pa balaza, naponda batani. Dona anathawira kukhitchini. A Kingstone ananena kanthu, koma Bertha anangoona milomo ikugwedera.

"Mwati bwanji?"

Anabwereza mokweza, osamvekabe. Bertha anatambasula phazi kuti azimitse, koma a Kingstone anamugwira mkono. Ankayang'ana khoma la pakati lija. Anayang'ana makinawo, nayang'ananso khoma. Kenako anasendera pafupi ndi khutu la mlamu wawo.

"Musazimitse!" anakuwa. "Vitalis ali moyo!"

Paipi inagwa m'manja mwa Bertha n'kuyamba kuyamwa mpendero wa katani. Dzina limenelo linali lisanamveke m'nyumbamo chichokere mwini wake.

"Wina watuluka m'ndende sabata yatha, anali naye chipinda chimodzi! Anandipeza ku ofesi Lolemba! Ndinalephera kukuuzani, khoma ili!" Maso a a Kingstone anali atafiira. "Waonda, koma akuyenda yekha! Akufunsa za inu! Akufunsa za Lucy!"

Bertha analira mokweza, pakamwa pali yasa, kulira kumene anakumeza miyezi yonseyi. Palibe wa kuseri kwa khoma amene anamva. Atapeza mpweya anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Za agalu sanafunse?"

A Kingstone anayang'ana chingwe chimene chinali m'dzanja lawo, ngati achiona koyamba.

"Wafunsa!" anavomera. "Wati musaiwale kuwapesa!"

Anachikulunga chingwecho pang'onopang'ono n'kuchilowetsa m'thumba la jekete. Galu wamwamuna uja anali ataima pakhomo la khitchini, makutu ali chilili, akuopa chilombo chobangulacho. Bertha anagwada, natambasula manja, nakoka mpweya wonse umene chifuwa chake chikanatha kunyamula.

"Mudzatopa!" anakuwa. "Mudzatopa!"

Galuyo anapendeketsa mutu, nagwedeza mchira, nadutsa pambali pa makinawo n'kubwera.