Mkaka wa Mayi Batool

Lachinayi pa 20 Seputembala 2018, tsiku la Ashura, Hojjat, mwana wa mlongo wanga Tahereh, anapereka magazi koyamba m'moyo wake, m'basi ya achipatala imene inaima pafupi ndi mzikiti waukulu wa ku Neyshabur. Chinali chowinda. Anali atalonjeza Mulungu kuti Mayi Batool, oyandikana nawo nyumba, akamulola kukwatira mwana wawo Zohreh, iye azidzapereka magazi chaka ndi chaka pa tsiku lolira Imamu Husein. Mayi Batool analola mu Ogasiti. Ukwati unaikidwa pa 25 Novembala, miyezi iwiri ya chisoni itadutsa, poti m'miyezi imeneyo palibe amamanga banja.

Hojjat ndi makaniko wa njinga zamoto, wa zaka 27, ndipo amaopa singano. Anakomoka singanoyo itazulidwa kale pamkono.

Kumayambiriro kwa Okutobala a kunkhokwe ya magazi anamuimbira foni, ndipo ndinamuperekeza ndine. Dokotala anali mayi wosazungulira polankhula.

"Magazi anu sitinamuike munthu," anatero. "Tapezamo kachilombo kotchedwa HTLV-1, ndipo tayeza kawiri. Si Edzi ayi, khalani pansi. Kuno m'chigawo cha Khorasan n'kofala, n'chifukwa chake thumba lililonse timaliyeza. Ambiri amene ali nako amakalamba osadwala. Ochepa, mwina asanu pa anthu zana, amadzadwala khansa ya m'magazi kapena kufooka miyendo. Koma magazi musadzaperekenso."

"Nanga chowinda changa, adokotala?"

"Zimenezo mukafunse a shehe."

Anatchula njira zimene kachilomboka kamadzera: kuikidwa magazi, kubwerekana singano, kugonana, ndi kuyamwa. Za singano ndinamuyankhira ndine. Pa njira yachitatu ndinafunsa ngati ndiyambe ndatuluka.

"Malume, mukundidziwa ine," anatero Hojjat, maso ali pansi.

"N'chifukwa chake ndakhala," ndinatero.

Dokotala anati amayi ake akayezetse, ndipo mkwatibwi auzidwe. Zohreh, amene ndi mphunzitsi wa masamu, anapita yekha kukafunsa za mmene angadzitetezere iye ndi ana amene adzabereke. Atabwerako anati ukwati ulipo. Anawonjeza kuti kachilomboko kasankha bwino pokhala, chifukwa m'thupi limenelo simudzalowanso singano mwa kufuna kwa mwini wake.

Zotsatira za Tahereh zinatuluka pa 16 Okutobala. Analibe kachilomboko. Madzulo a tsiku lomwelo tinakumana kwa Mayi Batool kumwa tiyi, Tahereh atanyamula mbale ya makangaza ndi nkhope ya munthu wopambana mlandu.

"Mkaka wanga unali woyera," analengeza. "Amene ankanena azinena."

"Palibe ananena kanthu, mlongo wanga," ndinatero.

"Ankaganiza. Ndinkawaona."

Zohreh ndiye anafunsa Tahereh, akuthira tiyi. "Ngati si inu, amayi, ndiye mwana wanuyu anayamwa kwa yani?"

Aliyense anaseka kupatula Mayi Batool. Iwo anali ataika kamtanda ka shuga pakati pa mano monga mwa masiku onse, koma tiyi sanamwe.

Mu Januwale 1992, Hojjat ali ndi miyezi inayi, Tahereh anadwala tayifodi n'kukagonekedwa m'chipatala ku Mashhad pafupifupi mwezi wathunthu. Mwana anatsala ndi agogo ake, amene pano anamwalira, ndipo banja lonse linkadziwa kuti ankamwa mkaka wa m'chitini. Nthawi yomweyo Mayi Batool anali ndi khanda lawo loyamba, mchimwene wake wa Zohreh.

"Chitinicho ankachilavula," anatero Mayi Batool potsiriza. "Ankalira mpaka khoma kunjenjemera. Ndikanatani ine, mkaka ukungotayikira m'malaya?"

Lamulo lake aliyense kuno amalidziwa. Khanda likayamwa kwa mkazi wina usana ndi usiku wathunthu, kapena maulendo khumi ndi asanu motsatizana popanda mkaka wa wina pakati, kapena mpaka mnofu wake kukula ndi mkakawo, mkaziyo amasanduka mayi ake, ndipo ana a mkaziyo ndi abale ake. Zikatero Zohreh akhala mlongo wake wa Hojjat, ndipo ukwati palibe.

"Kangati, achemwali?" anafunsa Tahereh.

"Kawiri. Katatu. Ndinkangomutontholetsa."

"Ndiye palibe nkhani."

"Kapena kasanu. Anali wadyera mwana wako."

"Amayi, imani pomwepo," anatero Zohreh. "Mukawonjezeranso, ndimutcha achimwene munthuyu."

Hojjat sanaseke. Anafunsa chifukwa chake sananene kale, ndipo Mayi Batool anayankha kuti munthu salengeza kapu ya madzi imene anapatsa mwana wa mnzake. Kwa iwo zinali zazing'ono, mpaka dokotala atanena kuti kachilombo kamadzera m'mawere.

M'masiku otsatira, dera lathu lonse linakumbukira malemu Esmat. Mayi ameneyu ankakhala nyumba ya pakona, anamwalira mu 2009, ndipo ali moyo palibe ankamupatsa moni mofuna, chifukwa ankatayira madzi otsukira mbale pakhomo pa anzake. Koma nayenso anali ndi khanda m'dzinja la 1992. Ngati anayamwitsako Hojjat pakati pa maulendo a Mayi Batool, kuwerenga kunkaduka n'kuyambiranso. Mwadzidzidzi amayi atatu anachitira umboni kuti Esmat anali ndi mtima wa golide ndipo ankayamwitsa khanda lililonse lodutsa pamsewu. Mmodzi wa iwo anasamukira m'derali mu 1998. Tahereh anapita kumanda kukathira madzi a maluwa pa mwala wa Esmat, chinthu chimene ana a malemuwo anali asanachitepo chaka chimenecho.

Pa 29 Okutobala tinapita kwa a shehe, ine, Hojjat ndi Mayi Batool. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, mukutsimikiza kuti anakwana khumi ndi asanu motsatizana?"

"Sindikutsimikiza."

"Usana ndi usiku osalawa china?"

"Agogo ake ankamukakamiza chitini chija m'mawa uliwonse."

"Ndiye chibale palibe. Kukayika sikuletsa ukwati. Za chowinda, mnyamata iwe, chimene sungathe kuchita chakuchoka pakhosi. Pa Ashura uzikagawira anthu madzi akumwa."

Hojjat anatsala pang'ono kupsompsona dzanja lawo. Koma Mayi Batool sananyamuke.

"A shehe, munatchula za mnofu kukula ndi mkaka. Ngati kachilombo kanga kali m'magazi ake mpaka lero, mkaka wanga sunamumange thupi?"

A shehe anakanda ndevu. Anati mabuku amanena za mnofu ndi mafupa, za kachilombo sanalembe, ndipo makina a kuchipatala si mboni. Mayi Batool anathokoza mwaulemu, anakonza nsalu yawo kumutu, ndipo tili panjira anatiuza chimene atsimikiza. Akayezetsa. Akapezeka alibe, mkaka unali wa Esmat, Mulungu amukhululukire ndi madzi ake otsukira mbale, ndipo ukwati uchitike. Akapezeka nako, mwana wawo sapereka.

"Amayi aang'ono, a shehe alola kale," anadandaula Hojjat, amene wakhala akuwatcha choncho chiphunzirire kulankhula.

"A shehe sadzagona m'manda mwanga."

"Ndiye musayezetse."

"Iwe unayezetsa chifukwa chiyani? Anakutuma ndani kukawinda magazi? Anzako amawinda mpunga ndi nkhosa."

Dokotala, atawatenga magazi Mayi Batool pa 11 Novembala, anawafotokozera kawiri ine ndili pomwepo. Kuyezetsa n'kwabwino kwa iwo eni ndi kwa ana awo onse, koma sikungaweruze nkhani ya ukwati. Ku Neyshabur amayi a msinkhu wawo amene ali ndi kachilomboka si ochepa. Akhoza kukhala nako osamupatsira Hojjat, ndipo kuyamwitsa kwa masiku owerengeka nthawi zambiri sikupatsira.

"Nthawi zambiri," anabwereza Mayi Batool.

"Inde, mayi. Kachilombo sikawerenga mpaka khumi ndi zisanu."

"Ine ndimawerenga."

"Mukadawerenga nthawi ijayo, amayi, bwenzi tili kwa telala," anatero Zohreh.

Kwa telala anapitabe, madzulo a tsiku lomwelo, ndipo amene analimbikira kuti manja a diresi afupikitsidwe pang'ono ndi Mayi Batool. Ndi iwonso amene akhala akuswa shuga wa alendo ndi kukangana ndi Tahereh za kuchuluka kwa mpunga. Hojjat anasiya kudya bwino. Sabata yatha anabwezera kasitomala njinga yopanda tcheni, ndipo Zohreh anamuuza kuti ngakhale zitavuta adzakhalabe m'banjamo, nkhani yangotsala pa udindo, wa mwamuna kapena wa mchimwene. Atatuluka Hojjat, ndinamuona Zohreh akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

A kuchipatala anaimba pa 14 Novembala kunena kuti zotsatira zatuluka. Sazinena pafoni, ndipo sazipereka kwa wina koma mwini wake. Ndinadzipereka kuwatengera Mayi Batool pa galimoto. Tsiku loyamba anati bondo likuwawa. Tsiku lachiwiri kunabwera alendo. Kenako anati sangatuluke makatani asanaume.

Lero ndi Lachinayi, pa 22 Novembala. Mawa kuchipatalako satsegula. A shehe auzidwa kuti afike Lamlungu masana kudzamangitsa ukwati, ndipo palibe wawauza zosiyana. Mayi Batool sanakatengebe zotsatira zawo.