Penti ya Pabokosi la Mayi Kivela

Lolemba m'mawa Mayi Lorraine Kivela anali pawindo ndi kapu ya khofi pamene chigalimoto cha khonsolo chokankha chipale chofewa mumsewu chinadutsa pa liwiro ngati woyendetsayo wapanikizika ndi m'mimba. Chikhasu chake chinamenya bokosi lawo la makalata kuti phwaa! Mtengo umene bokosilo linakhomedwapo unathyoka, bokosi n'kukagwera kungalande. Anaona ndi maso awo, sanachite kumva.

Masana Darlene wa positi anaima pamsewu n'kutsitsa galasi.

"Anti, popanda bokosi sindisiya kalata. Muzikatengera ku positi ofesi."

"Ulendo wonsewo, msewu ukuterera chonchi? Chimwalirireni bambo akunyumba, ukuona ndani akuyendetsa galimoto pano? Mankhwala anga a mtima akubwera Lachisanu. M'botolo mwatsala timibulu tinayi."

"Si ine anti, ndi lamulo."

M'tauni muno aliyense wofuna kukukana amathamangira kumbuyo kwa lamulo.

Mayi Kivela anaimbira kukhonsolo. Kamtsikana ka pafoni, kakutafuna chingamu, kanati ngati khasu lakhudza bokosi, khonsolo imadzaimika lina tsiku lomwelo. Koma ngati lagwa ndi chipale chomwe galimoto yaponya, zimenezo n'zanu. Munthu adzabwera Lachinayi kudzaona. Kanathera pomwepo, basi.

Tsono Mayi Kivela si mzimayi woonetsa mlendo chinthu chakuda. Anakazula bokosi lija m'chipale n'kuliika pasinki. Linali matope okhaokha, mchere wothira mumsewu kuti chipale chisungunuke, ndi chimzere cha penti yachikasu m'mbali mopindikamo. Anatenga kawaya kotsukira mapoto n'kulikwecha mpaka zala kuwawa. Linawala ngati la m'sitolo.

Lachinayi kunabwera Trent Halvorsen, woyendera wa khonsolo, nsapato zatsopano, tepi yoyezera m'chiuno. Mayi Kivela ankamudziwa ali kamwana kamamina, kakulira m'tchalitchi. Lero ndi bwana. Analowa osapukuta mapazi, natembenuza bokosi uku ndi uku.

"Ukufuna chiyani, mwanawe? Kupindikako sukukuona?"

"Ndikufuna penti, mayi. Makasu athu ndi achikasu. Akamenya amasiya chizindikiro."

"Inalipo. Ndatsuka."

"Mwatsuka?"

"Nanga ndikanakuikira nyansi patebulo? Kwanu simutsuka?"

Trent anayamba kumwetulira, kenaka n'kubisa kamwa ndi dzanja. Mayi aja anapita kubini ya zinyalala, navundukula makoko a mbatata n'kutulutsa kawaya kaja. Kanali kachikasu mbali yonse. Anakaika pamphuno pake.

"Penti yako iyo. Nunkhiza."

"Pafomu akufuna chithunzi cha penti ili pabokosi, mayi. Malo a kawaya palibepo."

"Ndiye chitsulochi chapindika ndi chiyani? Chipale cha chaka chino chili ndi zibakera?"

Trent anabweza bokosi patebulo. Anatuluka kukaona chitsa cha mtengo uja, nachibaya ndi cholembera ngati dokotala.

"Mtengowu unayamba kuola."

"Mwamuna wanga anauzika yekha. Waima zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osapendekeka, lero waola chifukwa mnzako sadziwa kuyendetsa?"

"Ndilemba kuti linagwa ndi chipale."

"Lemba kuti Lorraine Kivela ndi wabodza. N'chimodzimodzi, komanso susowa inki yambiri."

"Mutha kukadandaula kukomiti. Imakumana mu Epulo."

Mu Epulo! Nthaka yauma gwa ndi chisanu ngati simenti, palibe angakumbe dzenje la mtengo mpaka nyengo yachisanu ithe, ndipo mnyamata wodya msonkho wa amasiye akunena za Epulo. Trent anawasiyira kapepala ka nambala ya foni, n'kukwera galimoto ya khonsolo yomwe anaisiya ikulira kuti mpando usazizire.

Lachisanu cha m'ma 11 koloko Mayi Kivela anavala majasi awiri ndi nsapato za malemu, natenga bokosi lija n'kukaima m'mphepete mwa msewu, pa chitsa penipeni. Analikumbatira pamimba, kukamwa kwake kukuloza kumsewu. Mphepo inkacheka makutu. Magalimoto ankachepetsa liwiro, anthu akusuzumira. Ayang'ane, maso ndi awo.

Darlene anafika mochedwa ndi theka la ola. Anatsitsa galasi, kukamwa yasa.

"Anti, mwatani kodi?"

"Unati bokosi. Bokosi ili."

"Koma liyenera kukhala pamtengo."

"Mtengo ndi ine. Ngati ndaola, kaitane Trent adzandibaye ndi cholembera. Fulumira, manja achita dzanzi."

Darlene anayang'ana kumbuyo, nayang'ana kutsogolo. Kenaka anatambasula dzanja, natsegula kachitseko, naponyamo phukusi la mankhwala ndi mapepala a malonda a matayala.

"Mawanso muima chonchi?"

"Mpaka Epulo. Ndipo uzifika pa nthawi yake."