Aphiri Aloweza Mawu a Chaka Chatha

Kwa zaka makumi anayi, a Dominiko Phiri ankaiwala magalasi. Pamsonkhano wa kalabu ya fodya, pepala likangofika kwa iwo, ankadzigwiragwira m'matumba n'kunena kuti, "Aa, magalasi ndasiya kunyumba." Ku mphakati wa tchalitchi chimodzimodzi. Magalasiwo panalibe amene anawaonapo, ngakhale mkazi wawo a Roza, chifukwa kunalibeko. Nkhani inali yakuti Aphiri sankadziwa kuwerenga, ndipo chinsinsichi ankachisamala kuposa mbewu ya mtedza.

Atakwanitsa zaka 63 anatopa nalo bodzalo. Palibe anawakakamiza. Tsiku lina mu Febuluwale anangovala jekete n'kutsetsereka phiri, kuwoloka dambo, mpaka mudzi wachitatu kumene mayi Susana ankaphunzitsa sukulu ya kwacha. Anasankha yakutali dala, kuti anthu akwawo asawaone atakhala pamkeka pakati pa amayi, akuimba a, e, i, o, u ndi ndevu za imvi. Anthu akawafunsa panjira ankati akukaona fodya wa alamu awo. Fodya wa alamuwo anaonedwa chaka chimenecho kuposa fodya aliyense mu Dowa.

Pofika Juni anali atayamba kulumikiza zilembo, koma pang'onopang'ono ngati ngolo pachitunda. Apa m'pamene matama anawalowa. Mphakati wawo unapatsidwa kuti utsogolere mapemphero pa Lamulungu loyamba la Julaye, ndipo pofunsidwa amene adzawerenge mawu oyamba, Aphiri anakweza dzanja. A Alexio, mnzawo wa kuubwana, munthu amene nkhani ikafika pakamwa pake imagona itazungulira midzi isanu, anaseka.

"Koma magalasi aja adzapezeke tsikulo, Aphiri."

Anthu anaseka. Aphiri nawo anaseka.

Mayi Susana atamva anawachenjeza. "Bambo, musakaloweze pamtima. Muziwerenga. Mukaloweza mukudzinamiza nokha." Aphiri anagwedeza mutu kuvomera, n'kufika kunyumba n'kuchita zomwe analetsedwazo. A Roza anali ndi kabuku ka mawerengo a Lamulungu. Masana aliwonse awiriwo ankakhala m'chigafa, fodya atapita kale kumsika, mayi akuwerenga, bambo akubwereza, mpaka mawu onse anakhazikika m'mutu moti ankatha kuwanena atatsinzina. Loweruka Aphiri anapalasa njinga kupita ku Madisi kukagula magalasi pamsika, kuti a Alexio asowe chonena.

Lamulungu kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kumapiri a Ntchisi. Aphiri anafika kutchalitchi anthu asanadzaze, magalasi ali pamphuno. Wansembe sankabwera tsikulo, choncho wotsogolera anali katekisiti, a Kalisto. Iwowa anawaitanira kugome, natsegula buku lalikulu pomwe panali kachingwe kofiira.

"Ndi apa, bambo Phiri. Muyambire pamwambapa mpaka apa."

Aphiri anayang'ana liwu loyamba. Analilumikiza chamumtima. Silinali limene analoweza. Lachiwiri nalo ayi.

"Si apa, akatekisiti."

"Ndi pompo. Lamulungu la lero, Chaka B."

"Chaka chiyani?"

A Kalisto anawafotokozera mwachangu, maso ali kukhomo kumene anthu ankalowera. Mawerengo a Lamulungu amasinthana zaka zitatu, A, B ndi C. Atamva mawu amene Aphiri anakonzekera, anagwira pakamwa. "Amenewo ndi a chaka chatha, bambo. Kabuku kanuko ndi kakale."

Panja mkulu wina anayamba kumenya mkombero wa galimoto umene unali belu lawo. Aphiri anamva kulira kwake m'mano. Anayang'ana tsambalo. Mizere inali khumi ndi iwiri, yothinana, ndipo mwa yonseyo panalibe ndi umodzi womwe umene anaumvapo m'chigafa muja.

Anatuluka kuseri kwa tchalitchi. A Roza anawatsatira ataona mmene nkhope inalili, ndipo Aphiri anawauza zomwe zachitika.

"Ndalakwitsa ndine, abambo. Sindinayang'ane chaka. Lekani ndiwerenge ine, tinena kuti mwadwala chifuwa."

Linali bodza labwino, lophikidwa kale, longofuna kumeza. Aphiri analilakalaka. Anakweza dzanja kuti agwire m'thumba monga mwa chizolowezi, koma dzanjalo linakumana ndi magalasi pamphuno. Njira yakale ija anali ataitseka okha ndi ndalama zawo.

"Ndikanena chifuwa lero, Nabanda, mawa ndidzanena chiyani?"

"Nanga mukakakamira pakati?"

Aphiri anatembenukira kukhomo la tchalitchi. Ankachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku limene matalala anagwa pafodya wawo. Tchalitchi ili ndi limene anabatizidwiramo, kumangitsa ukwati, kubatizitsa ana asanu ndi awiri. Munali apongozi a ana awo, munali adzukulu, munali anthu amene anawasankha kawiri kukhala wapampando poganiza kuti ndi munthu wa sukulu. Kwaya inayamba nyimbo yolowera. Analowa n'kukhala pabenchi la abambo, ndipo malo okhawo otsala anali pafupi ndi a Alexio.

"Ee, apezeka!" ananong'ona a Alexio, akuloza magalasi ndi chibwano.

Mapemphero oyamba anadutsa Aphiri osamva kanthu. Kenaka a Kalisto anakhala pansi n'kuwayang'ana. Aphiri anadzuka. Kuchokera pabenchi kukafika pagome ndi mapazi khumi okha, koma anawatalikira. Magalasi a pamsika aja ankachititsa zilembo kusambira. Anawavula n'kuwaika pambali pa buku. Kumbuyo wina anatsokomola.

Anaika chala pansi pa liwu loyamba, monga ankachitira pamkeka kwa mayi Susana, nayamba.

Liwu limodzi. Lachiwiri. Mawu awo, amene pamaliro ankamveka popanda chimkuzamawu, anatuluka aang'ono. Mzere woyamba unatha. Wachiwiri unawatengera nthawi yoti munthu n'kumanga mtolo wa nkhuni. Ana okhala pansi kutsogolo anayamba kugwirana zigongono. Amayi ena anaweramitsa mitu, osati popemphera. Aliyense m'tchalitchimo tsopano anali atadziwa: umu si mmene amawerengera munthu amene wangoiwala magalasi.

Pamzere wachisanu anakumana ndi liwu lalitali. Chala chinaima.

"Ana... anawa..."

Anabwerera. "Anawa... so..."

Munangoti zii. Mphepo yokha inkagwedeza lata lina lomasuka padenga. A Kalisto anasuntha pampando, okonzeka kudzuka kuti alandire bukulo. Kumbali ya amayi, a Roza, amene anali atalizindikira liwulo, anayamba kulinong'ona mokweza kuti liwafike.

Aphiri anakweza dzanja osayang'ana kumeneko. A Roza analeka kunong'ona. Katekisiti anabwerera pampando.

Ndiye Aphiri anadzutsa mutu n'kuyang'ana mpingo wonse.

"Abale anga, mundidikire. Sukulu ndayamba mu Febuluwale."

Palibe anaseka. Mwina anasowa poyambira. Aphiri anabwezera chala pamalo paja n'kuliduladula liwulo monga anaphunzitsidwira.

"A-na-wa-so-nkha-ni-tsa. Anawasonkhanitsa."

Gogo wina kumbuyo anayankha kuti "Eya," ngati kuti wamutula katundu. Inatsala mizere isanu ndi iwiri, ndipo sinafewe chifukwa choti munthu waulula. Anakakamiranso kawiri. Pena analumpha mzere, nazindikira okha kuti mawu sakugwirizana, n'kubwerera. Mawerengo amene ena amatha asanapume kachitatu anawatengera Aphiri nthawi yoti kwaya ikanaimba nyimbo ziwiri. Koma anafika pomwe a Kalisto analoza, nanena mawu otsekera, mpingo n'kuyankha.

Aphiri anabwerera kubenchi. Sanayang'ane munthu. Chinsinsi cha zaka makumi anayi chinali chitatha, ndipo sankadziwa ngati chomwe ankamvacho chinali manyazi kapena kupepukidwa. Anakhala pansi n'kudikira chimene chinali chotsatira, pakamwa pa a Alexio. Ankadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyi idzakhala itafika ku Chezi, ndi mawu awo akuyerekezeredwa pamalo a mowa.

A Alexio anakhala chete pa salimo, chete pa ulaliki wonse, zomwe sizinachitikepo chibadwire. Pofika nthawi ya zopereka, wotsogolera kwaya analengeza nambala ya nyimbo, ndipo masamba anayamba kulira m'tchalitchi monse. A Alexio anatsegula buku lawo la nyimbo, lakale, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti, limene ankayenda nalo Lamulungu lililonse. Analiyang'ana kanthawi. Kenaka analikankhira pang'onopang'ono pabondo la Aphiri, nawerama mpaka pakamwa panafika pakhutu.

"Achimwene, tandipezerani pomwe pali nyimboyi. Ine zaka zonsezi ndimangotsegula paliponse."

Aphiri anawayang'ana. Maso a a Alexio anali pansi. Aphiri anatenga bukulo, nanyowetsa chala, n'kuyamba kufunafuna tsambalo. Analipeza kwaya ili pandime yachitatu, ndipo analigwira pakati pawo awiri.