Dzina la Pansi pa Mndandanda

Mndandanda wa oimba unafika ku nyumba ya wailesi Lachitatu m'mawa. Linali pepala lalikulu lonyezimira, lochokera kwa akonzi a chikondwerero cha nyimbo chomwe chimachitikira pabwalo chilimwe chilichonse. Aliyense wa ntchito youlutsa mawu amadziwa kawerengedwe ka pepala lotere. Olembedwa pamwamba ndi zilembo zonenepa ndiwo amakokera anthu kubwalo, ndipo amaimba komalizira. Ukamatsika zilembo zimanka ziwonda, mpaka pansi penipeni pomwe umafunika kutsinzina diso limodzi kuti uwerenge. Apo ndi pa anthu oimba m'mawa, ogulitsa zakumwa akutsitsa kumene makreti awo m'galimoto.

Mzime, yemwe omvera ankamudziwa kuti Sisi wa Madzulo, anadikira kuti anzake atembenuke, kenako n'kuponya maso pansi pa pepalalo. Dzina linalipo ndithu: Atatu a Pakhonde, Loweruka, 11 koloko m'mawa.

Atatuwo anali bambo ake omubala, okonza mawotchi, ndi anzawo awiri, a Telala ndi a Nsapato. Kwa zaka makumi awiri madalawo akhala akugawana khonde la sitolo ina ya zitsulo, aliyense ndi kampando kake. Makasitomala akasowa, bambo ake ankasolola gitala pansi pa tebulo, a Telala n'kukweza mawu awo opyapyala aja, a Nsapato n'kumaomba bokosi lawo la misomali ngati ng'oma. Tsiku lina munthu wodutsa anawajambula pa foni, kanemayo n'kuyendayenda mpaka kukagwera m'manja mwa akonzi a chikondwerero. Ndimo anapezekera pa pepala lonyezimira, ukalamba wonsewo.

Bambo ake sanamupemphe kanthu. Si anthu opempha. Anali mayi ake omwe anaimba foni masana a tsikulo.

"Iwe Mzime, bambo ako sangakuuze, koma auza msewu wonse kuti mawa mwana wawo awatchula pa wailesi. Panopa akusita malaya oyera aja oti avale pomvera."

"Amayi, wailesitu ilibe maso."

"Ukawauze wekha zimenezo. Ine ndayesa."

Mzime anaseka, ndipo kunena zoona mtima wake unali wokondwa. Chinaononga zinthu ndi Mlomo, bambo yemwe ankaulutsa naye pulogalamu ya madzulo. Dzinali anamupatsa chifukwa pakamwa pake panalibe chitseko. Iye anatenga pepala lija, n'kuliyandikitsa kumaso ngati munthu wowerenga malangizo a mankhwala.

"Atatu a Pakhonde! Amenewa ndinawaona pa foni. Madala ena ake otha mano, winayo akumenya bokosi la misomali. Abale, amenewa akaimbira mipando ndi agalu a pabwalo!"

Ofesi yonse inafa nacho chikhakhali. Mzime naye anaseka, ndipo kuseka kwake kunamveka pamwamba pa anzake onse. Zaka zinayi ali pa ntchitoyi, ankangonena kuti bambo ake ali ndi bizinesi ya mawotchi m'tauni. Silinali bodza lenileni, koma womva ankaona sitolo ya magalasi ndi magetsi, pomwe chinalipo ndi kampando ka miyendo itatu ndi kabokosi kodzaza mawotchi omwe eni ake anaiwala kudzatenga. Amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu Mzime ankaudziwa bwino, ndipo anautchulapo kangapo pa wailesi polangiza ana a eni.

Lachinayi, gawo la mndandanda linali mphindi khumi zomaliza nkhani za 5 koloko zisanayambe. M'situdiyo munali mlendo, woimba wa zilembo zonenepa uja, yemwe ankangodziwika kuti Magalasi poti sankavula magalasi akuda ngakhale m'chipinda chopanda zenera. Kuseri kwa galasi kunali pulodyusa, mayi wosaseka, yemwe ntchito yake inali kuonetsa ndi zala nthawi yotsala. Lamulo la ntchito ndi lakalekale: umayambira pamwamba, ukutsika, ndipo nthawi ikakuthera umangoti "ndi ena ambiri," basi nkhani yatha.

Mzime anawerenga mokoma ngati masiku onse. Anatchula Magalasi, anatchula mtsikana wa mawu ogwetsa misozi yemwe adzaimbe dzuwa likamalowa, gulu la malipenga, ovina asanu ndi mmodzi, alongo awiri oimba za uzimu. Aliyense ankamupaka kamafuta pang'ono: uyu musamuphonye, awa mubwere ndi nsapato zolimba. Mayina anali makumi awiri ndi awiri. Atafika pa la makumi awiri ndi limodzi anadzutsa maso. Pulodyusa anaimika zala zinayi. Masekondi makumi anayi, nthawi yokwanira kutchula dzina lotsalalo katatu n'kupumira pakati.

Apo m'pamene anaona Mlomo. Anali ataika chala pansi pa pepala lake, dzanja lina litatseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Nthabwala ya mipando ndi agalu inali itafika kale pa lilime, ikungodikira kuti dzinalo litchulidwe. Mzime anadziuza kuti akuteteza bambo ake. Koma tisanamizane, ankadziteteza yekha. Akanatchula dzinalo, anayenera kusankha: kuseka nawo bambo ake akumva, kapena kuulula pamaso pa Magalasi ndi dziko lonse kuti dala wa gitalayo ndi amene anamubala.

"...ndi ena ambiri!" anatero ndi mawu ake a uchi aja.

Masekondi anatsalabe, ndipo pa wailesi sipakhala zii. Choncho Mzime anatembenukira kwa mlendo n'kumufunsa komwe amagula nsapato zake zokongolazo. Magalasi anafotokoza mosafulumira za chikopa ndi zingwe zake, mpaka kulira kwa nkhani za 5 koloko kunamudula.

Mzime akanatha kupita kwake n'kuzimitsa foni. Koma miyendo inamutengera ku khonde lija, dzuwa lisanalowe. Ali chapatali anaona zomwe sanafune kuona. Pakhonde panali mabenchi awiri obwereka ku sitolo ya zitsulo, ndi mipando ina yapulasitiki yosafanana mitundu. Anthu anali atabalalika, kupatula mayi wogulitsa zipatso yemwe ankanyamula mpando wake. Mayiyo atamuona Mzime anangoyang'ana kumbali. Wailesi inali pamwamba pa kabokosi ka mawotchi, mlongoti wake utasololedwa mpaka kumapeto. Bambo ake anakhala pambali pake, m'malaya oyera osita bwino, ndi tayi yomwe Mzime anaiona komaliza pa ukwati wa mkulu wake.

"Mwaswera bwanji, Bambo? Mwaswera bwanji nonse?"

"Taswera, mwana wathu," anayankha a Nsapato, omwe sadziwa kuzungulira. "Tinatcheratu khutu mpaka tadziwa komwe munthu amagula nsapato. Ine wa nsapato ndine, koma lero sizimene ndimadikira."

A Telala anakhosomola, n'kuyamba kupinda nsalu yopindapinda kale.

"Musiyeni mwana," anatero bambo ake mofatsa. "Nthawi ya pa wailesi si ya pakhonde pano, yoti munthu n'kumacheza mpaka malovu kuuma. Kumeneko amayeza. Inamuthera, basi."

Munthu womira amagwira chilichonse. Mzime anagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

"Eya, Bambo, ndi zomwezo. Wotchi yangayi ikuthamanga masiku ano. Ndinaona ngati 5 yakwana kale, ndiye ndinafulumira kutseka."

Mabodza onse ali padziko lino, iye anasankha la wotchi, n'kukalinena kwa munthu amene wakhala akutsegula mawotchi kuyambira iye asanabadwe. Komanso wotchiyo anamupatsa ndi iwo omwewo, tsiku lomwe anayamba ntchito ku wailesi. Anaizindikira mphulupulu yake mawu asanathe kutuluka, koma mawu akatuluka sabwerera.

Bambo ake anatambasula dzanja. Mzime anamasula lamba wa wotchiyo n'kuwapatsa.

Iwo anayala kansalu kobiriwira patebulo monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Anaika kagalasi kawo kokuza zinthu pa diso lakumanja, n'kutsegula kumbuyo kwa wotchiyo ndi kampeni kakang'ono. Anayang'ana m'kati nthawi yaitali. Anaiika pakhutu. Kenako anaiyandikitsa ku wotchi yaikulu yopachika pa chipilala, yomwe m'mawa uliwonse amaifananitsa ndi kulira kwa nkhani za pa wailesi, ndipo anadikira kuti mivi ya masekondi ya mawotchi awiriwo izungulire kamodzi. Mzime anaima pamenepo ngati mwana wa sukulu wogwidwa akubera mayeso. Anaganiza kuti munthu amene amakhala pakati pa mawotchi makumi atatu sangalephere kudziwa kutalika kwa masekondi makumi anayi. Bambo ake anawawerenga onse masekondiwo, atavala tayi, anthu a msewu wonse atawazungulira.

Anatseka wotchiyo, anaipukuta, n'kumumanga okha padzanja monga ankachitira ndi zingwe za nsapato zake ali wamng'ono. Ali chiweramire choncho, analankhula motsitsa kuti amve iye yekha.

"Ilibe vuto, mayi. Ikuyenda bwino kwambiri."

Kenako anawongoka, n'kukweza mawu kuti anzawo amve.

"Munalowa kafumbi! Ndachotsa. Si mlandu wa mwana, ndi wa wokonza mawotchi amene sanaiyang'ane chaka chonse."

"Hoo, kafumbi," anatero a Nsapato, akutseka bokosi lawo la misomali.

Mzime anachita manyazi omwe sanawamvepo chibadwire. Akanamukalipira, akanapeza poyankha. Akanamutukwana pamaso pa anzawo, bwenzi atalira n'kupepuka. Koma iwo ananamira anzawo a zaka makumi awiri pofuna kuphimba mwana amene anawabisa. Mzime anafuna kunena kuti pepani, koma anangothandiza kubweza mabenchi ku sitolo ya zitsulo, n'kutsanzika.

Lachisanu mndandanda unayenera kuwerengedwanso komaliza, popeza chikondwerero chinali mawa lake. Mzime analowa m'situdiyo msanga n'kumupeza Mlomo akudya mtedza.

"Achimwene, madala a pakhonde aja. Wa gitalayo ndi bambo anga."

Mlomo anasiya kutafuna. "Bambo ako a bizinesi ya mawotchi aja?"

"Omwewo. Bizinesi yake ndi kampando ndi kabokosi. Ndi kamene kanandiphunzitsa sukulu."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire kugwira naye ntchito, pakamwa pa Mlomo panapezeka chitseko.

Mphindi khumi zomaliza zitakwana, Mzime anagwira pepala lija n'kuyambira pansi. Pulodyusa anatukula manja kuseri kwa galasi, kuloza m'mwamba, kugogoda, koma iye sanayang'aneko. Anauza omvera kuti amene akufuna kumva nyimbo zophikidwa zaka makumi awiri alawire, chifukwa 11 koloko m'mawa bwalo lidzatsegulidwa ndi Atatu a Pakhonde. Anafotokoza za mawu a a Telala, za bokosi la misomali la a Nsapato. Kenako anati woimba gitalayo ndi bambo ake omubala, amene anamuphunzitsa kuwerenga nthawi, ndipo dzulo iye anawasiya dala nthawi ilipo. Mawu a uchi aja ananjenjemera, koma anamaliza. Anakwera mndandanda wonse dzina ndi dzina, ndipo Magalasi anatchulidwa mothamanga, nkhani zili pafupi kulira.

Pulodyusa anali ndi mawu ambiri, koma Mzime anapempha kuti amukalipire Lolemba. Anatuluka panja, n'kuimba foni kunyumba.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva, mwana wanga. Ndinali ndi kawailesi kanga kukhitchini. Ndalira mpaka anyezi kupserera."

"Nanga Bambo? Ali pakhonde? Anthu anabweranso?"



"Lero sanaitane munthu. Anaweruka masana, anati mutu ukuwawa."

"Ndiye amvera kunyumba? Apatseni foni."

"Mzime, bambo ako sanatsegule wailesi. Ndinawaitana kawiri kuti bwerani mudzamve, anati ayi, mwana asamakhale ndi anthu omudikira, ntchito yake ndi yovuta kale. Anakhala pampando wawo uja, wailesi yotseka ili pamiyendo, akuyang'ana wotchi ya pakhoma mpaka 5 inakwana. Kenako anadzuka kukasita malaya a mawa."