Kathonje kamene Mwanasha anakana

Nkhuku za Mwanasha zinayamba kusinza m'mwezi wa Juni, chisanu chitafika poluma zala. Atatsegula khola kuseri kwa nyumba yawo ku Area 2, anapeza zina zitagwetsa mapiko, makosi atapindika, zikupumira kukamwa. Nkhukuzo ndizo zinali munda wake. Zamoyo ankagulitsa pafupi ndi msika waukulu, zososola kale ankakapereka m'mageti a ku Area 12, kumene mabwana safuna kuona nthenga pabwalo.

Tsono kwa Asilamu nkhuku yofa yokha sidyedwa, sigulitsidwanso. Ikayamba kusinza, mpeni uyenera kufika imfa isanafike. Mwanasha anathamangira amuna ake, a Twahir, amene anali atangobwera kumene ku mzikiti. Bambowa ndiwo ankaitanira anthu ku mapemphero a swala pa chimkuzamawu, ndipo mawu awo, abale inu, ankamveka mpaka kutsidya kwa mlatho, moti ngakhale Akhristu oyandikana nawo sankafuna wotchi. Tsiku limenelo anapinda malaya n'kuzinga nkhuku zodwalazo imodziimodzi, manja ali psuu ndi magazi. Mwana wawo Tasneem, amene anali woyembekezera ndipo anabwera kudzadikirira kwa makolo ake, ndiye ankasosola. Onse ankangoti ndi chitopa, chija chimabwera chaka ndi chaka.

Sabata isanathe a Twahir anagwidwa ndi chimfine. Sichinali chimfine chongomina mamina n'kupitiriza ntchito ayi. Thupi linali moto, mafupa akuphwanya, chifuwa chikulira. Mwanasha atamufotokozera Asiatu, mnzake wa pamsika, Asiatu anayamba wacheukacheuka kenaka n'kumukokera kuseri kwa madengu. Anati iye anamva pa wailesi za chimfine cha mbalame chimene chimavuta m'mayiko ena, ndipo a chipatala akangomva mawu akuti nkhuku, basi zatha: khola amaliwotcha, mwamuna amamutsekera kwayekha, banja lonse n'kutchuka tauni yonse kuti ndilo labweretsa mliri.

"Ndiye kathonje kawo kaja usalole, mnzanga," anatero Asiatu monong'ona. "Amakalowetsa m'mphuno n'kukatumiza kunja kwa dziko. Ukudziwa zimene amakachita nako kumeneko? Ungonena kuti ndi chisanu."

Mawuwo anamulowa Mwanasha mpaka m'mafupa. Atawatengera amuna ake ku chipatala anakumana ndi anamwino, Mayi Walusungu, munthu wamtali wolankhula mosathamanga. Atawamvetsera a Twahir m'chifuwa, anafunsa ngati masiku apitawo bambowo anagwirako nkhuku, abakha kapena nkhunda zodwala. A Twahir anatsegula pakamwa, koma Mwanasha anawaponda chala n'kuyankha yekha kuti kwawo kulibe chiweto ngakhale chimodzi. Anamwinowo atapempha kuti apukute m'mphuno ndi kathonje kuti akayeze ku labotale, Mwanasha anakana kwamtuwagalu, amvekere bambo sakonda zogwiridwa kumaso. A Walusungu anamuyang'ana nthawi yaitali, koma munthu sangamuyeze mokakamiza. Anawapatsa mankhwala oziziritsa thupi n'kuwachenjeza kuti abwerenso msanga kupuma kukangoyamba kuvuta.

Kunyumba Mwanasha anachita zonse zimene amadziwa. Anawiritsa masamba a bulugamu, kuwafunditsa amuna ake bulangete kuti afukize, kuwamwetsa mandimu ndi jinja. Thukuta linkatuluka, matenda osatuluka. Mwanasha chakudya chinasiya kumukomera. Akamva galimoto yaima panja ankayesa ndi a boma abwera kudzatentha khola, akamva chifuwa kuchipinda ankayesa ndiye komaliza. Mantha anali mbali zonse, ndipo analibe woti n'kumuuza.

Lachisanu masana a Twahir anadzikakamiza kupita ku mzikiti, akuti ntchito ya Mulungu sasiyira chimfine. Mwanasha anali pamsika pamene mawu awo anayamba kumveka pa chimkuzamawu, osasa, onjenjemera. Anakweza kamodzi, n'kukwezanso, kenaka pakati penipeni pa mawu anadukiza. Kunamveka chifuwa, kenaka phokoso la chinthu chogwa, kenaka zii. Msika wonse unamva. Ogulitsa nsalu anasiya kuyeza, a minibasi anasiya kuitanira. Mwanasha anataya dengu n'kuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'ngalande.

Ku chipatala a Twahir anawagoneka n'kuwaika mpweya. Milomo yawo inali itada. Mwanasha ali chiimire pakhonde, anamva kutsokomola kumbuyo kwake. Potembenuka anaona Tasneem atatsamira khoma, dzanja lina pamimba, maso ali ofiira. Mwanasha anakafuna a Walusungu, n'kugwada pa simenti anthu akuona.

"Anamwino, ndinakunamizani. Nkhuku zilipo, ndipo zinkadwala. Bambo ndiwo anazinga, mwanayu ndiye anasosola. Zina ndinakagulitsa ku Area 12."

A Walusungu sanamukalipire, ngakhale nkhope inaonetsa kuti zawapweteka. Anamudzutsa, kumupatsa chophimba pakamwa, n'kuitana anzawo kuti Tasneem amugoneke payekha ndi kumuyambitsa mankhwala a chimfine nthawi yomweyo. Kathonje kaja kanalowa m'mphuno mwa bambo ndi mwana, n'kutsekeredwa m'timabotolo, m'bokosi lozizira. Mwanasha anafunsa ngati n'zoona kuti timabotoloto timapita kunja kwa dziko.

"Nthawi zina n'zoona, mayi, ndipo ubwino wake ndi womwewo," anayankha anamwinowo. "Chimfine chili ndi mitundu yambiri, ndipo ndi maso sitingaisiyanitse. Labotale yathu konkuno imayeza kaye. Ikapeza chachilendo, imatumiza ku labotale yaikulu ya m'chigawo chino cha Afrika kuti itsimikize. Malabotale a mayiko oyandikana amauzana zimene akuona, chifukwa matenda sapempha chilolezo pa chipata cha dziko. Koma onsewo ndi akhungu ngati inu mwakana kathonje. Pa kabotolo palibe chimene munthu angakupwetekeni nacho."

Sanamubisire za khola. Anamuuza kuti chikapezeka kuti ndi chimfine cha mbalame, nkhuku zidzaphedwadi, chifukwa mliri umene ungathe kugwira dziko lonse umayambira pa khomo limodzi ngati lakelo. Anamuuzanso kuti aimbire onse amene anawagulitsa nkhuku zija. Foni yowawa kwambiri inali ya kwa Mayi Hellen a ku Area 12, kasitomala wake wakalekale, amene anali ndi khanda m'nyumba. Mayi Hellen anangofunsa kuti, "Mwanasha, umadziwa kuti zikudwala?" n'kudula foni.

Masiku odikira zotsatira anali otalika zedi. Alangizi a ziweto anabwera atavala zoyera thupi lonse, kutenga nkhuku zingapo ndi kutseka khola, anthu a m'makomo oyandikana atadzaza kumpanda kudzaonerera. Asiatu sanaonekeko n'komwe. Mwanasha ankangoyenda pakati pa zitseko ziwiri zotseka, cha mwamuna ndi cha mwana, osaloledwa kulowa kulikonse. Ankapemphera mpaka mawu kutha, akudziwerengera yekha anthu amene mwina wawapha ndi bodza lake: amuna ake, Tasneem, mdzukulu wosabadwayo, khanda la ku Area 12.

Zotsatira zitabwera, a Walusungu anamukhazika pa benchi. Nkhuku zinali ndi chitopa basi, sichinali chimfine cha mbalame. Khola silinkayenera kuwotchedwa, linkangofuna katemera. Chimene chinagwira a Twahir ndi Tasneem chinali chimfine cha anthu, cha mtundu waukali umene malabotale a mayiko oyandikana anali atachenjeza kale kuti ukuyenda chisanu chimenecho. N'chifukwa chake a konkuno anauzindikira msanga, ndipo mankhwala ake anali okonzeka m'kabati. Tasneem anawalandira matenda akungoyamba kumene, moti iye ndi mimba yake anali bwinobwino.

Mwanasha anapumira m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe. Kenaka anafunsa za bambo. Anamwinowo anati bambowo apulumuka, koma chimfinecho chinali chitasanduka chibayo ndipo mapapo aonongeka. Mankhwala aja amathandiza kwambiri akaperekedwa koyambirira. Mwanasha akanatchula za nkhuku tsiku loyamba lija, bambowo akanagonekedwa, kuyezedwa ndi kuyamba kumwa pompo. Sananene mokweza, koma Mwanasha anamva zonse.

A Twahir anatuluka m'chipatala ataonda, akuyenda pang'onopang'ono, akupumula pa geti lililonse. Tasneem anabereka mwana wamwamuna wonenepa. Nkhuku zinaswananso, ngakhale Mayi Hellen sanaitanitsenso. Mwanasha masiku ano ndiye amakokera anzake a pamsika ku chipatala, ndipo wina akatchula za kathonje kopita kunja amamuyankha mpaka atopa. Koma masana aliwonse chimkuzamawu cha ku mzikiti chikatsegulidwa, mawu amene amamveka ndi a munthu wina. A Twahir amakhala pa mpando pakhonde, mdzukulu ali pamiyendo, milomo yawo ikutsatira mawuwo popanda phokoso. Mwanasha, ali kukhola, amawaona, amatembenuka, n'kupitiriza kuthira gaga m'mbale za nkhuku zake zija anaziteteza.

Phunziro: Chimfine chikakula, pitani ku chipatala msanga ndipo nenani zoona zonse, makamaka ngati mwagwira ziweto zodwala kapena zakufa. Nkhuku zikayamba kudwala, musazinge kapena kugulitsa, itanani alangizi a ziweto. Lolani kuyezedwa, pakuti kathonje kamodzi kamathandiza malabotale a kuno ndi a mayiko oyandikana kuzindikira mliri usanafalikire, ndipo choyamba kamathandiza wodwala wanu yemweyo.