Alamu Awiri pa Benchi la Chipatala

Lachitatu m'mawa, mayi wina wosoka zovala anatseka shopu yake, madiresi atatu a ukwati ali osapinda m'munsi, kuti akatenge bambo ake kuchipatala. Mkuluyo anali atachitidwa opaleshoni ya ng'ala dzulo lake. Mayiyo anatengana ndi amuna ake, aphunzitsi a sayansi kusekondale, kuti akathandize kuwagwira pamasitepe. Atafika pageti anapeza achimwene ake, mkulu wa mpingo, atakolekera jekete ya bambo paphewa. Atangoona alamu awiriwo akugwirana chanza, anadziwiratu kuti tsiku lamuipira.

Vuto linayamba chaka chatha. Aphunzitsi, pofuna kudzionetsa, anafotokozera alamu awo kuti mphamvu zimene zimagwira chilengedwe zili pa muyezo wothina kwambiri, moti zikanangosuntha pang'ono nyenyezi sizikanayaka, ndipo munthu sakanakhalapo. Achimwene anaitola nkhaniyo n'kukailalikira Lamlungu lotsatira, mpaka kutchula aphunzitsiwo paguwa ngati mboni. Chiyambire pamenepo, banjalo silinadyepo pamodzi mwamtendere.

"Ndapota nanu, lero ayi," anatero mayiyo, akuwapatsa kakhadi. "Nambala ya bambo ndi iyi. Namwino akaitana, mulowe, muwaveke jekete, mundidikire pabenchi pompano. Ine ndikukaima pamzere wa mankhwala."

"Pita, mlongo wanga, tili pano," anayankha achimwene.

Asanakhote n'komwe pakona, anamva kumbuyo: "Alamu, zija ndinaziganizanso..."

Mzere wa mankhwala unamudyera ola lathunthu ndi theka. Pobwerera anapeza benchi lazunguliridwa. Panali mayi wa mwana kumbuyo, bambo wina woyendera ndodo, ngakhale wokolopa anali ataimika chokolopera chake. Aphunzitsi anali atalemba manambala kuseri kwa kakhadi kaja.

"Alamu, mvetsani," ankatero, thukuta lili kamukamu. "Munthu sangadzuke m'chilengedwe chimene sichilola munthu. Ndiye tikudabwa chiyani kupezeka m'chimene chimatilola? Mwinanso zilengedwe zilipo zambirimbiri, chathuchi n'chimene chinangogwirizana."

"Zambirimbirizo munaziona?"

"Sindinazione."

"Ndiye mumakhulupirira zosaoneka! Takulandirani, alamu, mpando ulipo kutsogolo."

Anthu anaseka. Aphunzitsi anaimirira. "Ine ndati mwina! Inu mawu akuti mwina mulibe m'kamwa. Ndiponso ndani anakuuzani kuti manambalawo akanatha kukhala ena? Palibe amene akudziwa."

"Mutalowa m'nyumba n'kupeza bedi loyala, madzi ofunda ali m'bafa, nsapato za saizi yanu zili pakhomo, munganene kuti zangochitika?"

"Ndikufunsaninso kachitatu: nyumba yake imene zipinda zonse zilibe mpweya kupatula kakona kamodzi? Wochereza wanuyo ndi wamtundu wanji?"

"Bambo ali kuti?" anafunsa mayiyo.

Palibe anamumva. Anabwereza mokweza, mpaka mwana uja anadzidzimuka kumbuyo kwa mayi ake. Alamu awiriwo anayang'anana, kenako anayang'ana jekete, imene inali idakali paphewa.

Namwino wa muwodi sanabise kukwiya kwake. "Ndaitana nambala imeneyo kanayi. Kanayi! Agogowo anati ana awo ali panja, adziyendera okha. Bedi tapatsa kale wina."

Mayiyo anaganiza za bambo ake. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, diso limodzi lomata, linalo loona mwachimbuuzi. Anathamangira kuchimbudzi cha abambo n'kutuma wokolopa kuti asuzumire. Kunalibe. Anayang'ana pamasitepe, kuchipinda chojambulira, kukantini. Kumbuyo kwake alamu aja ankatsatira akunong'onezana.

"Khadi munagwira ndinu, alamu."

"Inu simunasiye kuyankhula kuti munthu amve namwino."

Mayiyo anawapeza bambo ake koimika magalimoto, atakhala pansi padzuwa, atatsamira tayala la galimoto ya eni ake yofanana mtundu ndi yawo. Bondo la thalauza linali long'ambika, pakhungu pali kachilonda. Anali atapunthwa pangalande.

"Ndinakudutsani pabenchi paja," anatero mkuluyo modekha. "Ndinaima, ndinatsokomola. Ndinaona kuti muli pa nkhani yaikulu."

Mayiyo sanakalipe. Anawadzutsa bambo ake, n'kuwasansa fumbi, n'kulanda jekete kwa achimwene. Kenako anatambasula dzanja kwa amuna ake. "Makiyi."

"Amayi, tamvani kaye..."

"Makiyi, ndati."

Anawakhazika bambo ake kutsogolo, n'kukhoma zitseko zakumbuyo. Achimwene anagogoda pagalasi. Iye analitsitsa pang'ono.

"Basi imaima kuseri kwa getilo. Mukamalize nkhani yanu m'menemo. Ndipo mukafika kunyumba, wotchula nyenyezi adya panja."

Anayendetsa galimoto n'kutuluka pageti. Ankaganiza za madiresi aja, ndi mmene akawasambitsire bambo chilonda popanda kunyowetsa diso. Atadutsa maloboti awiri, mkuluyo anakonza kukhosi.

"Iwe mwanawe."

"Bambo?"

"Paja akamwini anga amati zilengedwe zilipo zingati? Chifukwa ine ndikuona ngati mchimwene wako anawapanikiza penapake, koma za zipinda zopanda mpweya zija sanayankhe bwino."

"Bambo, dokotala wati mupumule."

"Wati ndipumitse diso, osati pakamwa. Ukawaimbire abwere madzulo, ndili ndi funso langa."

Mayiyo anapumira m'mwamba, n'kutsegula wailesi mpaka kumapeto.